Chala Changa pa Geti

Lolemba lina mu Juni makina a pageti anandikana.
Ndinadinda chala kanayi,
kanyali kofiira phethiphethi,
ati sindine Lufeyo.

Zaka zitatu ndikutsuka magalimoto ku Turffontein.
Sopo wa bwana wadya mizere ya m'chala,
chisanu cha Joni chamaliza zotsala.
Manja mbuu ngati ndapala phulusa,
zikang'a kumapazi,
milomo yong'aluka, ndikaseka imadontha magazi.

Zione wa mandasi pakona anandigwira dzanja,
kulitembenuza ngati akusankha chinangwa pamsika.
"Achimwene, galimoto ya eni mumaipaka polishi mpaka waliwali.
Nanga inuyo mwadzisiyira yani?"
Ndinati zodzola n'za amayi,
ndalama zanga zili ndi njira yake, ya ku Ntcheu.
Anangondiika kabotolo ka gilisalini m'thumba.

Tsopano madzulo, m'kachipinda kathu ka anthu anayi,
ndimasamba madzi ofunda, osati otentha.
Thupi lisanaume ndimadzola,
chala ndi chala, ngati ndikuwerenga ana anga.
Pogona ndimavala masokosi akale m'manja.
Ganizani amandiseka,
koma vasilini akutha msanga masiku ano
ndipo sindinamufunse.

M'mawa magolovesi, chipewa,
madzi akumwa ngakhale ludzu palibe.
Masiku ena ndimaiwala.

Lachisanu lachitatu kanyali kanayaka kobiriwira.
Sindinalowe msanga.
Ndinaima pomwepo, anzanga akundikankha kumbuyo,
ndikuyang'ana mizere imene ndinabadwa nayo ku Bilira
itabwerera yokha,
osadutsa pa Beitbridge.