Khomo la M'mbali

Zaka makumi awiri ndi zitatu pakhonde ku Bwalo la Njobvu
ndakhala ndikubweza mathalauza a anthu,
osadziwa kuti munthunso amabwezedwa.
Ku Sentolo anadula thumbo langa cha kumapeto,
pomwe khansa inamanga msasa,
nkulumikiza, nkunena kuti msoko uwu upume kaye.
Choncho anatsegula khomo lina pamimba,
kumanja kwa mchombo,
kamlomo kofiira, konyowa, kosadziwa Chichewa.

Namwino Nyirongo anati, "Bambo Fanuwelo,
sizasi mumaidziwa kuposa ine.
Dulani bowo la thumbali molingana,
lisathine, lisakhwepe."
Ndinaseka, chilonda nkundidzudzula.
Ine woyeza mapewa a akwati
lero ndikuyeza thumbo langa ndi kapepala.

Miyezi isanu ndi iwiri ndinayenda ndi mlendo m'shati.
Analibe mwambo.
Ankayankhula pamaliro, pakati pa pemphero,
ndi m'minibasi ya ku Kawale injini itazima pamlatho.
Mayi wina anatsina mwana wake.
Mwana iwe, kulikonse uli,
ndili nawe ngongole ya mandasi.

Matumba akatha ankati bwerani Lachinayi.
Lachinayi limachedwa ukamaliyembekezera ndi mimba.
Khungu linkapsa, ine ndinkagona choyang'ana khoma,
mpaka usiku wina Esinala anadutsitsa dzanja,
nkuliika pomwepo, osanyansidwa,
nati, "Kakufunda ngati kamwana ka mphaka. Gonani."
M'mawa ndinatola nyenyeswa za chitenje cha ukwati wa eni,
nkusokera mlendo wanga malaya,
a zipi ndithu.

Anatseka khomolo mwezi wa chisanu.
Anati njira yakale yatsegulidwa,
ine nkuganiza kuti nkhani yathera pomwepo.
Ayi.
Njira yakale inaiwala ntchito,
ngati mlonda wobwera kutchuthi chachitali
wongosinza pageti, aliyense nkumadutsa.
Kasanu ndi katatu usiku umodzi.
Wapita, wasamba m'manja, wafika pakhomo,
yakuitananso.
Mpweya ndi zinazo osazisiyanitsa,
ndiye sukhulupirira chilichonse.

Tsopano mzinda uno ndimaudziwa mwa mtundu wina.
Mundifunse za zimbudzi.
Cha kudepoti nzolipira, pepala amakupatsa lowerenga.
Cha pomwetsera mafuta, kiyi amasunga mtsikana wa nsidze zojambula.
Kumzikiti mlonda sanandifunsepo kuti ndimapemphera kuti,
anangoona nkhope yanga nkuloza ndi chibwano.
Kubanki musayese.
M'chikwama cha ulusi muli kabudula wina ndi sopo,
pansi pa mabatani.

Kope la miyeso lasanduka la milandu.
Pomwe ndinkalemba chiuno ndi mpindiro
ndimalemba: nyemba, wolakwa.
Kambuzi, wolakwa kwambiri.
Mpiru, mlandu ukadali m'khoti.
Nthochi ndi mpunga, abale anga.

Namwino anati mlonda uja amadzuka ukamamuphunzitsa.
Finyani, werengani mpaka khumi, masulani.
Ndimatero ndikupalasa makina,
makasitomala nkumayesa ndikuwerenga misoko.
Mankhwala ndimamwa monga anandiuzira,
ndipo pobwerera kusikelo ndimanena zonse,
ngakhale zimene bambo wa zidzukulu sanena.

Dzulo ndinayenda wapansi kuchoka ku Kawale,
kudutsa Mchesi, fungo la matabwa a mabokosi,
sindinawayang'ane kawiri,
mpaka pakhonde panga, osafunafuna khomo la munthu.
Katatu kokha tsiku lonse.
Lero kasanu. Kaya mawa.

Malaya a mlendo aja ndimasungiramo choko.
Ena atatu ndasoka sabata ino,
Namwino akuti kuwodi kuli mnyamata wa kabaza
amene wakana kuchotsa bulangete.
Usiku dzanja langa limapitabe kumanja kwa mchombo,
nkupeza msoko wokhawokha,
wokhota pang'ono.
Ndikanasoka ine ukanawongoka,
koma wagwira.