Tepi ya Telala

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuyeza ziuno za eni
pakhonde pano, kuseri kwa sitolo ya nsalu ku Bwalo la Njobvu,
tepi yachikasu ili m'khosi ngati mkanda.
Chiuno changa sindinachifunsepo kanthu.

Mpaka tsiku lija ku Bwaila.
Namwino anandikulunga lamba pamkono,
napopa, napopanso, kenako zii.
"Mayi, mukamakwera chitunda, mumapuma kangati?"
Ine ndinaseka.
Iye analemba.

Ndiye ndinayamba mwaukali, monga ndiyambira zonse.
Lolemba, tiyi wopanda shuga, basi.
Lachiwiri, madzi ofunda a mandimu,
poti Nasibeko wa m'saluni anati amasungunula mafuta.
Lachitatu dzuwa litapendeka
phazi linakana kupalasa makina,
singano n'kumaoneka ziwiri,
ndipo thumba la buluku la a Chimphamba
ndinalisoka chadodolido.
Atabwera kudzayesa anaponyamo makiyi,
makiyi aja gwede! pasimenti.
Khonde lonse linafa ndi phwete.

Amene anandiwongola si dokotala.
Ndi Yotamu wa wilibala,
woonda ngati nsungwi,
amene amakankha matumba a simenti kukwera nawo Malangalanga
uku akuimba mluzu.
Ndinati, iwe, mphamvuzo umazisunga pati?
Anapisa m'thumba, natulutsa mtedza.
"Ndimadya, mayi. Pang'onopang'ono, koma sindilumpha.
Thumba lopanda kanthu siliima."
Za matumba, ndinalibe pakamwa poyankhira.

Tsopano m'mawa ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro.
Dzira lowiritsa limakwera nane m'chikwama,
pakati pa sizasi ndi mabatani.
Masana mtanda umodzi, osati itatu,
koma ndiwo ndiye zodzaza mbale:
nyemba, bonongwe, tiusipa tofutsa,
tsiku lina mbatata ndi peyala.
Botolo limene kale linali la zotsekemera
lasanduka chitsime pansi pa tebulo.
Mutu ukayamba kulira, ndimamwa kaye
ndisanaimbe mlandu mimba.

Minibasi ya ku Kawale ndimaitsikira pa Mchesi.
Kondakitala amandiyang'ana ngati ndasowa yokwanira.
Ndimadutsa okhoma mabokosi ndi owotcherera mageti,
fumbi m'mapazi, thukuta m'khwapa,
ndikafika pakhonde magazi atadzuka kale.

Musandiyese mngelo.
Chiwaya cha pakona chimadziwa dzina langa,
chimaliitana ndi fungo nthawi ya nkhomaliro.
Pa chinkhoswe cha mwana wa mlamu wanga
ndinadya mandasi asanu nditabisala kuseri kwa tenti.
M'mawa mwake sindinadzilange ndi njala.
Ndinaphika phala langa,
ndinatsikanso pa Mchesi.

Chovuta si mandasi ayi.
Ndi maso a kutchalitchi.
"Mwamuona? Akutha. Kapena ndi kajaka."
Wina anandigwira dzanja nthawi yaitali
n'kundiuza kuti akundipempherera.
Ngakhale bambo a kunyumba akudandaula:
"Anthu ati sindikukudyetsa."
Ndinawapatsa ndowa ziwiri, ine ziwiri,
tinyamuke kuchokera pampopi.
Anapumira panjira ndi iwo.

Dzulo, makasitomala atatha,
ndinavula tepi m'khosi
n'kudzizunguliza nayo, mwakachetechete ngati ndikuba.
Zala zitatu zokha.
Miyezi inayi, zala zitatu!
Ndinafuna kukwiya.
Koma inali faifi koloko,
mayunifomu makumi awiri atapachikika pachingwe,
ndipo phazi linali likadapalasa lokha pansi pa makina
ngati lili ndi kwina kopita.

Ndinatenga diresi langa la buluu,
lija ndinalifutukula kawiri,
n'kuyamba kusomola ulusi wa m'mbali.
Yotamu anadutsa ndi wilibala yopanda kanthu,
nakuwa, "Mayi, mwadya?"
Ndinamuonetsa makoko a mtedza pansi.