Choko cha Rayén

Nyumba za ku Valparaíso zimaberekana pamsana,
ndipo yathu ili pamwamba penipeni,
masitepe makumi anayi kuchokera pomwe basi imatisiya.
Zaka zonsezi sindinawawerengepo.
Anawawerenga ndi Rayén,
madokotala atamuika zitsulo m'chiuno
n'kumubweza kwa ife ndi ndodo ziwiri.

Tsiku loyamba anakwera atatu.
Anatulutsa choko m'thumba la yunifolomu,
n'kulemba 3 pakhoma la mayi Eduvigis,
kenako anati, Ababa, tsopano mundibereke.
Ndinamubereka. Thukuta lake linandinyowetsa khosi.

Apo n'kuti ine atandichotsa ntchito kudoko
kumene ndinawotcherera zitsulo za sitima zaka khumi ndi zisanu.
Makalata asanu ofunsira ntchito anapita,
osabwerako ndi liwu ngakhale limodzi.
Ina ndinailemba, koma inagona m'kabati
pansi pa mabilu a magetsi.
M'mawa ndinkavala jekete ngati wopita kwinakwake,
n'kukakhala pabenchi
kuonerera makontena akukwezedwa ndi anthu ena.

Khoma linayamba kudzaza:
5, 8, 8 kachiwiri, 12.
Tsiku la 12 amayi ake, Marisol, anagula keke,
agalu a mumsewu anatiperekeza akugwedeza michira
ngati nawonso amadziwa masamu.

Kenako kunadza Lolemba la nkhungu.
Nyanja sinkaoneka, doko linkangomveka kulira.
Pa sitepe yachinayi ndodo inaterereka,
bondo linagunda simenti,
magazi n'kutsikira pasokosi yoyera.
Ndinathamanga. Anandikankha ndi chigongono.
Analira, inde, kulira kwa mamina,
kunyoza ndodo, kunyoza phiri, kunyoza ndi ine ndemwe.
Atatopa anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi,
anapisa m'thumba,
ndipo pansi pa 12 analemba 4.

Ndinati, Fufuta, mwanawe, lero sitiwerenga.
Anandiyang'ana ngati ndanama m'tchalitchi.
Koma ndakwera anayi, anatero.
Ndi anga.

Ine ndinkayesa kupirira n'kukukuta mano,
kumeza msozi usanafike patsaya,
kubisa chilonda m'thalauza n'kuyenda mowongoka
monga ankayendera bambo anga pochokera kunyanja opanda nsomba.
Sindinkadziwa kuti munthu angalembe tsiku lake loipa
pakhoma la eni, pamene aliyense wodutsa aliona,
ndi zilembo zazikulu mofanana ndi za tsiku labwino,
n'kudzabweranso mawa ndi choko chomwecho,
chitafupika pang'ono.

Usiku umenewo Marisol atagona
ndinatsegula kabati mwakachetechete ngati wakuba.
Kalata ija inali itapindika pakona,
ili ndi dontho la khofi pafupi ndi dzina langa.
Sindinailembenso. Ndinaimata momwemo.
Kuseri kwa kalendala, ndi pensulo yake yotafunidwa,
ndinalemba 6.

Anandiyankha patatha milungu itatu: malo adzaza.
Ndinakhala pansi m'khitchini kwa nthawi,
ketulo ikuwira mpaka madzi kuphwa.
Kenako ndinalemba 7.

Mvula ya mu Julaye yatsuka theka la khoma.
Mayi Eduvigis anagula penti chaka chatha,
koma chitini sanachitsegulebe,
akuti maso awo sakuona bwino mtundu wake.
Rayén ali pa 26. Dzulo anali pa 19.
Ine ndili pa 11,
ndipo pa ife awiri palibe amene wafika.

Madzulo ndimaima sitepe imodzi kumbuyo kwake,
manja otambasula, osamukhudza,
chifukwa lamulo lake ndi limenelo.
Ndimamvera ndodo ikugogoda, kupuma,
kugogodanso,
mpweya wake ukutuluka ngati wa pampu ya njinga.
Nthawi zina amatembenuka, tsitsi litamatira pamphumi,
n'kufunsa, Nanga inu muli pa zingati?

Ndimamuuza zoona.