Sindinaone Kanthu

Magetsi abwera teni koloko itakwana
ndipo ine ndawerama kale pa maikulosikopu.
Dontho la magazi a Twaibu lauma pagalasi,
lamwa utoto, lasanduka dambo lofiirira
lomwe ndikuyendamo ndi diso limodzi
ngati wofuna singano m'munda wa mpunga.

Ndazungulira mabwalo zana, monga linenera buku.
Tizilombo ta malungo sindinationemo.
Pafomu pali kampata kolembapo "palibe",
koma cholembera changa chikukana kutsika,
chikudziwa kuti "palibe" ndi "sindinaone"
si ana a bere limodzi.
Ndafunsa dontho limodzi lokha.
Magazi ena onse atsala mwa mwanayo, ali chete.

Kusukulu a Chikadza ankati,
yesani, bwerezani, bwerezaninso,
zikafanana kakhumi mwagwira choonadi.
Ndinakweza mkono: nanga kakhumi ndi kamodzi?
Anaseka, choko chikuwayera m'zala.
Mlatho wa kwathu unaolotsa malole a nzimbe
zaka makumi awiri osadandaula,
usiku wina unangogona m'madzi.
Dzulo silisiya chikole kwa mawa,
komabe m'mawa uliwonse ndimayatsa makina
ndikukhulupirira kuti magazi sanasinthe khalidwe
ine ndili mtulo.

Sikelo yathu timaiyesa ndi kachitsulo kochokera ku Blantyre.
Kachitsuloko kanayesedwa ndi kena kutsidya la nyanja.
Nanga koyambako anakayesa ndani?
A Kamzingeni akuti ndisiye zimenezo, mzere watalika pakhonde,
wafika kale pamtengo wa mango.
Akasuzumira iwo pagalasi lomweli
onse timati "chofiirira",
koma sindinalowepo m'diso mwawo
kuti ndione ngati kufiirira kwawo ndi kwanga komwe.

Chubu chakukhwapa chanena kuti Twaibu watentha kufika fote.
Sichinanene kuti kutenthako kukumveka bwanji
kwa mwana wa zaka zinayi
amene denga la chipatala cha Nkhotakota likumuzungulira.
Nambala ndailemba. Ululu watsala pabenchi.

Abiti Saidi aima pazenera, chitenje chili kukamwa.
Akuti za udzudzu adamva, za madzi adamva,
neti anamanga, madzi amawiritsa.
Koma ana awiri amagona mphasa imodzi,
bwanji uyu?
Ine ndingathe kuwauza njira imene nthenda imadzera,
khomo ndi khomo mpaka kuchiwindi.
Iwo sakufunsa njira.
Akufunsa amene anatuma mlendoyo,
ndipo galasi langa lilibe diso loyang'ana kumeneko.

Lachitatu lapita m'firiji munatsala thumba limodzi la magazi,
odwala awiri, manambala awo ngati mapasa.
Makina anawerenga bwino, sanalakwitse,
kenako anakhala duu.
Woyenera kulandira ndani, anatisiyira ife,
anthu a thukuta m'manja.

Musandimve molakwa.
Galasi lomweli labweza ana ambiri kunjira ya kumanda,
sindingalisinthe ndi ula wa munthu aliyense.
Ndimalikonda chifukwa limadziwa kuvomera likaphonya:
kolorokwini uja tinkamulumbirira,
atafooka tinamutsitsa pashelefu popanda maliro.
Zomwe ndikulumbirira lero
mwina mdzukulu wanga adzaziseka chimodzimodzi,
ali ndi galasi lakuthwa kuposa ili
ndi mafunso omwewa m'thumba la yunifolomu.

Magetsi azimanso.
Ndanyamula maikulosikopu kupita nayo pazenera,
ndapendeketsa kalilole kuti kabe kuwala kwa dzuwa,
dzuwa lomwe tidziwa kutalika kwake ndi kulemera kwake
koma osati chifukwa chake pali dzuwa
m'malo mopanda kanthu.

Ndalemba pafomu ndi zilembo zing'onozing'ono,
zosefukira kunja kwa kampata:
sindinaone kanthu, tiyesenso.
Abiti Saidi, bweretsani chala chinacho.
Twaibu, yang'ana uko kuli khwangwala,
ndikubaya pang'ono chabe.