Chidede cha ku Chibavi

Ndinafika ku Luwinga ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri,
chikwama chimodzi, ndi bulangete lopyapyala la ku Salima
limene chisanu cha Mzuzu chinaliseka usiku woyamba.
Anzanga a m'kalasi anali msinkhu wa mwana wanga wachisamba.
Ankanditcha Anti,
nkumandisungira mpando wakutsogolo
ngati wodwala maso.

Zaka khumi ndi zitatu ndinaphunzitsa Sitandade 4.
Ana zana limodzi ndinkawatontholetsa ndi nsidze zokha.
Koma pepala langa loyamba la kemisitiri
linabwerera litafiira ngati pophera mbuzi.
Ndinalipinda kanayi, nkuliika pansi pa matiresi,
ndipo ndinagona pamwamba pake mpaka chaka kutha.

Chipinda cha lendi kwa a Nyirongo:
nkhungu kunja, nkhungu pakhoma,
nkhungu m'nsapato zanga za kutchalitchi.
Mvula ya kuno siigwa nkupita,
imakhala nawe ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.
Ngongole ya sukulu ikachedwa
ndinkamwa tiyi wopanda shuga ndi chinangwa cha dzulo,
Ndaziona nkumaimba foni usiku:
"Amayi, mwakhoza?"
Funso langa lomwe, mwana atalitembenuza.

Chaka chachinayi ananditumiza kukayeserera
pa sekondale yoyendera ku Chibavi.
Labotale inali dzina pachitseko basi.
M'kati munali matumba a simenti ouma
ndi mpira wophulika.
Oyang'anira akubwera Lachitatu, mutu wake asidi.

Ndinatsikira ku Zigwagwa kukagula chidede ndi mandimu.
Mayi Nyirongo anandipalira phulusa la pa mbaula,
tinacheza chidulo m'chitini choboola
iwo akupukusa mutu:
"Yunivesite yonseyi, kuphunzira zophika therere?"

A Dokotala Mwakasungula anatsika pa kabaza,
matope mpaka m'mawondo,
nkukakhala kumbuyo ndi fomu yawo pa ntchafu.
Matambula atatu obwereka pa tebulo.
Manja anga akunjenjemera, choko chinathyoka kawiri.
Ndinafinyira ndimu m'madzi a chidede, anawala kuti psuu.
Ndinadonthezera chidulo mu ena,
ndipo pamaso pa ana makumi asanu ndi atatu
chofiira chinasanduka chobiriwira.

Kalasi yonse zii.
Mvula yokha pa malata.

Kenako Suzgika, amene sanatsegulepo pakamwa chiyambire teremu,
anaimirira, Chichewa chake chikupunthwa pa Chitumbuka:
"Madamu, ndiye kuti amama akamaphika
amakhala akuchita zimenezi?"
Ndinati inde.
"Nanga pepala lawo lili kuti?"

Ndinayang'ana m'pulani ya phunziro.
Munali zolinga, zipangizo, mathero.
Yankho lake munalibe.

A Dokotala analemba kuti ndinapitiriza nthawi
ndi mphindi zisanu ndi ziwiri,
kuti bolodi sindinaligawe bwino.
Potuluka anatsitsa mawu
nkupempha chidede chotsalacho, akaonetse awo.

Tsiku lovala gauni kunavumbanso.
Yanga yobwereka inali ndi manja a munthu wamtali,
ndipo woitana mayina anapotoza langa
mpaka Ndaziona sanadziwe nthawi yoluluta.
Analuluta mochedwa, yekha,
anthu akuombera kale m'manja wina.

Tsopano digiri ili m'pulasitiki, kuopa chinyezi.
Ndikudikira kalata yonena kokaphunzitsa,
kaya ku Chitipa, kaya ku Nsanje, ndani akudziwa.
Polongedza katundu ndinanyamula matiresi
nkupeza pepala lofiira lija, nkhungu italidya m'mbali.
Sindinalitaye.
Ndaliika m'pulasitiki momwemo, kumsana kwa digiri,
kuti mwana akadzalephera pamaso panga
ndidzakumbuke kulemera kwa cholembera chofiira.

Funso la Suzgika ndilibe poliika.
Ndikupita nalo m'kamwa,
lowawasa ngati ndimu uja.