Tsamba Lachisanu ndi Chiwiri

Lolemba m'mawa Mayi Pillay aponya fayilo patebulo langa.
Masamba khumi ndi awiri pofika Lachinayi, akutero,
kabuku ka anthu ofuna kubisa ndalama m'njerwa.
Uwauze chifukwa chogulira lero, osati mawa.

Ndiyatsa kompyuta, tiyi atazizira kale.
Ndilemba kuti dzuwa limalowa pazenera lanu
ngati mlendo wodziwa kuodira.
Zeneralo ndaliona pachithunzi chokha, chopangidwa ndi makina,
m'mene jakaranda amachita maluwa chaka chonse
ndipo mumsewu mulibe ngakhale chitsekerero cha botolo.

Tsamba lachitatu ndi la manambala.
Ndimasalaza mawu akuti lendi idzakwera
mpaka anunkhire ngati mvula yoyamba,
chonsecho mawu omwewo amandidikira pachitseko ku Rosettenville
atalembedwa ndi bolopeni yofiira.
Kumeneko timagona anayi m'galaja.
Khoma pakati pa ine ndi Mwandida ndi chitenje,
ndipo akatsokomola, chitenjecho chimagwedezeka.

Lachiwiri masana abwana aima kumbuyo kwanga.
Manambala okha sagulitsa, akutero.
Anthu amagula nkhani. Ipatse nyumbayi mbiri.
Ndiye nditsegula mapu kuti ndione keyala.

Nambala 41.
Ndichotsa magalasi, ndipukuta, ndivalanso.
Aipaka utoto wotuwa, aipatsa dzina la Chingerezi,
koma masitepe ndi omwe aja, makumi asanu ndi atatu mphambu anayi,
omwe ndinkakwera ndi chigubu cha madzi
chaka chomwe ndinatsika basi ku Park Station
ndi chikwama chimodzi ndi nambala ya foni yosagwira.
Chipinda 709. Chikepe chinafa tisanabwere.
Panali msomali kuseri kwa chitseko
pomwe ndinkakoleka jumbo ya pasipoti.
Bambo Chimkwezule ankasoka nsapato pakhonde,
mkazi wa ku Beira ankakazinga nsomba pa palafini,
utsi wake n'kumatigawira tonse ndiwo.

Anatitulutsa mu Juni, kusanache,
amuna ovala maovololo ofiira.
Matiresi anatsika pazenera ngati nkhunda zolemera.
Makina a Bambo Chimkwezule anatsikanso momwemo.

Zonsezi ndinazilemba, mizere khumi ndi isanu ndi inayi,
zala zikuthamanga ngati zaba.
Kenaka ndinagwira batani lofufutira
n'kuonerera zilembo zikubwerera chammbuyo,
nsomba, nsapato, msomali,
mpaka tsamba linayera ngati khoma lawo latsopanolo.

M'malo mwake ndinaika kuti:
Nyumbayi yakhala ikulandira anthu olota zazikulu
kwa zaka zambiri.
Si bodza.
Ndicho chimandiwawa, kuti si bodza.

Mayi Pillay anawerenga ataimirira, nagwedeza mutu.
Uli ndi dzanja, anatero, anthu adina kwambiri pamenepa.
Lachisanu anadinadi, anthu zikwi zitatu,
ena ku Dubai, ena ku London,
wina ku Area 25, mlongo wanga Tiferanji,
yemwe anaimba usiku mawu akunjenjemera ndi chimwemwe:
Achemwali, ndaona dzina lanu pansi pa nyumba yosanja!
Ndiye mwagula chipinda chiti?

Ndinayang'ana chitenje, Mwandida akupuma kuseri kwake.
Cha pamwamba, ndinayankha, chachisanu ndi chiwiri.
Kumaoneka mzinda wonse.

Foni itaduka ndinatsegulanso chithunzi cha 709:
sofa yachikasu, mbale ya mandimu,
mtsikana wosakhalako akuseka ndi kapu m'manja.
Ndinakuza chithunzicho ndi zala ziwiri,
kukuza, kukuzabe, kuseri kwa chitseko,
mpaka khoma linasweka kukhala timabokosi totuwa.
Ndinkafuna kabowo chabe.
Magetsi anazima nthawi ya teni, monga mwa ndandanda,
ine ndikufunafunabe.