Njinga ya Bambo Ikubanika

Ku Magaba, kuseri kwa ogulitsa misomali,
a Kadango anagunditsa khutu pa injini
ngati namwino pa chifuwa cha khanda.
"Sikudontha njingayi," anatero, "ikubanika."

Ine n'kuti nditasintha gasiketi katatu,
katatunso oilo akujambula mapu
pakhonde pathu ku Mufakose.

Pisitoni ikamatsika imapanikiza mpweya m'mimba,
kapaipi kopumira n'koning'a ngati phesi la udzu,
kodzaza mwaye wa zaka makumi asanu.
Mpweya ukasowa khomo umaboola pofooka.

Anakuza bowo.
Anadula paipi pa filiji yakufa,
nalumikiza valavu yotulutsa osabweza,
mapeto ake m'kabotolo ka Mazoe
komangirira ndi waya kunsi kwa chishalo.

Kuponda kamodzi, zii. Kachiwiri,
thu, thu, thu,
kabotolo kanachita nthunzi.

Ndinakumbuka mwini wake, bambo anga,
amene tsiku lonse ku fakitale ya ku Workington
ankameza Chichewa chawo kuopa kutchedwa obwera,
n'kudzachitsokomola usiku tonse titagona.

Ndinadutsa Mbare ndikufuula mayina a kumudzi kwawo.
M'mawa mwake pakhonde
panali fumbi lokha.